Mabeseni a Apongozi Anga

Ana anga, inu mumandiseka kuti ndikagula ngakhale machesi ndimayamba ndatsegula bokosi kuona ngati mitu ilimo. Sekani, palibe kanthu. Koma popeza ndinapuma ntchito ndipo maso akadaona, ndati ndilembe kumene khalidweli linachokera, komanso mmene denga la nyumba ya ku Nancholi, imene nonsenu munakuliramo, linatsala pang'ono kundichotsa pabanja. Za ubwana wanga ndizisiya, poti kuweta mbuzi n'kofanana kulikonse.

1955: Limbe, kuseri kwa kauntala

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Limbe m'masiku a Chitaganya, m'sitolo ya mmwenye wina wogulitsa zipangizo zomangira: malata, simenti, misomali, utoto, maloko ndi zina zotero. Dzina lawo lenileni ndilisunga. Ife antchito tinkawatchula kuti a Palibe, chifukwa katundu masiku amenewo ankabwera pa sitima, ndipo sitima ikachedwa simenti inkasowa tauni yonse, iwo n'kumangoyankha aliyense kuti, "Palibe, bwera mawa," chonsecho matumba ena ali phee kuseri kudikira anthu awo. Kwa ine sanali munthu woipa. Pamene bambo anga anamwalira anandilola kupita kumaliro osanyinyirika, ndipo ntchito ndinaipeza ikundidikira. Koma tsiku loyamba lenilenilo anandiuza mawu amene anandilowa m'magazi. Anati, "Iwe Filipo, munthu akalowa muno akuseka kwambiri, usayang'ane mano ake. Uziyang'ana manja."

Pa kauntala imeneyo ndi pamene ndinawadziwira amisiri omanga nyumba a m'Blantyre ndi Limbe. Mwininyumba amamuona mmisiri kutsogolo, atavala kabudula wosita, pensulo ili pakhutu. Ine ndinkawaona kumbuyo. Wina amutuma malata okhuthala, iye agula opyapyala, n'kunditsinzinira diso kuti tizisungirana chinsinsi. Wina atenga simenti ya mwini wake, theka n'kuikhotetsera ku ntchito ina galimoto isanafike n'komwe pa Chichiri. Wina ankachita kundifunsa poyera kuti ndi utoto uti umene umabisa ming'alu mpaka mwininyumba atalowamo. Onsewa Lamulungu ndinkawaona atanyamula mabuku anyimbo kukhwapa. Chaka chisanathe ndinali nditatsimikiza mumtima kuti mmisiri wolungama ndi amene sunamugwire basi.

Panali mmodzi yekha amene a Palibe akangomuona pakhomo ankapukusa mutu n'kuthawira kuseri. Dzina lake anali a Nampeya, Mlomwe wamfupi wa mpingo wa Katolika, amene makolo ake anachokera m'dziko la Apwitikizi n'kudzakhala chakunja kwa Limbe. Bamboyu ankatopetsa zedi. Lata lililonse ankalitulutsa pakhonde, kulinyamula moyang'anitsa kudzuwa, kuliliza ndi chala, ndipo likapezeka ndi kachilema n'kulibweza osachita manyazi. Thumba la simenti ankaligwiragwira kuti aone ngati linamwa chinyezi. Ndiponso sankabwera yekha: ankakokera mwininyumba kusitolo, ngakhale akhale mayi wokalamba woyenda ndi ndodo, kuti adzaone katundu wake ndi maso. Ine wonyamula malatawo ndinkachita kupsa mtima. Ndipo musaganize kuti ndinkamukhulupirira. Ndinkati munthu wodzionetsa chonchi ali ndi pobera pake pamene ine sindinapatulukire.

1956: chikamwini ku Nancholi

Chaka chimenechi ndinakwatira mayi anu, Edina, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndinapita kukakhala kwawo ku Nancholi, cham'mbali mwa msewu wa ku Chikwawa. Inu a masiku ano muyenera kumvetsa bwino apa. Mkamwini analibe dothi pamudzi wa mkazi wake. Nyumba imene tinapatsidwa, ya zidina yofolera ndi udzu, inali pamalo a agogo anu a Naphiri, mayi a Edina, ndipo wolamula mbumba yonse anali mlongo wawo, amalume Wilisoni. Iwo ndiwo anali ankhoswe a mbali ya kuchikazi pa ukwati wathu. Akanati Filipo nyamuka, ndikananyamuka ndi njinga yanga ndi bulangeti, ana n'kutsala.

Chachiwiri ndi ichi: ine ndi apongozi anga aakazi sitinkayang'anana kumaso kapena kulankhulana. Unali ulemu, osati udani. Tikakumana pakanjira iwo ankapatukira kutchire n'kufulatira, ine n'kudutsa nditazyolika. M'nyumba mwawo phazi langa silinkaponda. Pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali mpanda wa bango, ndipo chilichonse chofuna kundiuza chinkadzera mwa Edina.

Tsono amalume Wilisoni anali mmisiri womanga, wotchuka ku Nancholi konse. Anali munthu wamtali, wa mawu okoma, woseka ndi aliyense. Nyumba ya apongozi anaikhoma malata ndi iwowo, ofiira bwino, oti alendo ankaimirira panjira kuwasirira. Vuto linali lakuti nkhope yawo ndinali nditaidziwa kale pa kauntala. Ankabwera kawirikawiri kudzagula phula ndi utoto wofiira, koma lata ngakhale limodzi sanagulepo kwa ife. Nanga munthu wokhoma madenga malata amawatenga kuti? Mnzanga wina wa m'sitolo ananditsina khutu kuti amakatola akale ku mashedi a fodya akamagwetsedwa, n'kumata mabowo a misomali ndi phula, utoto pamwamba. Umboni ndinalibe. Ndinangozisunga m'mimba, tikakumana n'kumawagwadira monga mwa nthawi zonse.

Dzinja la 1957 mpaka 1958

Iwe Esinati unabadwa mvula itangoyamba. Udzu wa padenga pathu unali utaola, ndipo chaka chimenecho mvula inagwa ngati yatumidwa. Makoma anamwa madzi, mphasa zinachita nkhungu, iwe n'kuyamba chifuwa chosamva mankhwala. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti mwanayu akakhalanso dzinja lina m'chinyezi chotere tisadzadabwe. Ndinachita mantha kuposa mmene ndachitirapo m'moyo wanga wonse. Ndinalumbira kuti mvula ina isanabwere nyumbayo ikhala ndi malata, zenera lolowetsa mphepo, ndi pansi pa simenti.

Ndi m'dzinja lomwelo pamene ndinaona chinthu chimene chinandisowetsa mtendere. Mvula ikagwa, m'mawa mwake nthawi yeniyeni imene ndinkatulutsa njinga kupita ku Limbe, apongozi ankatuluka ndi beseni lodzaza madzi, kubwera nalo mpaka pa mpanda wa bango, n'kulikhuthula moyang'ana kwathu, madziwo n'kumayenderera kudutsa pakanjira kanga. Akatero ankabwerera kukatenga lina, kenako ndowa, kenako mphika. Onsewo pamalo amodzimodzi, atafulatira, osanena kanthu. Bwalo lawo linali lalikulu, kuseri kunali nthochi zofuna madzi, nanga bwanji pakanjira ka mkamwini? Ine wophunzitsidwa ndi a Palibe ndinati basi, awa ndi mankhwala. Mwina akufuna ndipuse ndizingoti inde pa chilichonse, mwina akufuna ndichoke. Ndinayamba kunyamula njinga paphewa n'kumalumpha madziwo, nsapato isakhudze.

Ndinafunsa mayi anu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Esinati, amayi akutaya madzi. Nanga mumati awamwe?" Ndinati, "Madzi ake ati ochuluka chonchi, a m'nyumba ya malata?" Iwo anangotembenuka n'kuyamba kukupukuta iwe mamina. Kukhala chete kumeneko kunangowonjezera kukayika kwanga. Sindinaganize kuti mwana wa mbumba sangatsegule pakamwa kunena chilema cha amalume ake kwa mwamuna wobwera.

Chilimwe cha 1958: kusankha mmisiri

Mvula itatha ndinakagwada kwa a Palibe. Kwa nthawi yoyamba sananene kuti palibe. Anandilowetsa kuseri, n'kundionetsa malata ndi simenti zimene anabisira anthu awo, n'kunena kuti, "Tenga, koma ukapatsa mmisiri wopusa usadzandilirire." Nkhani sinachedwe kumveka pamudzi. Lamulungu lotsatira, tikuchokera kutchalitchi, amalume Wilisoni anadzakhala pakhonde pathu, chipewa pabondo.

"Bambo," anatero, "ndamva kuti Mulungu wakudalitsani ndi malata. Musavutike n'kusakasaka anthu achilendo. Nyumbayi ndi ya mwana wanga, ndikhoma ndine. Inu muzingopita kuntchito, katunduyo mundisiyire, podzabwera mudzapeza zatheka."

Mawu akuti "katunduyo mundisiyire" anandibaya. M'maso mwanga ndinaona malata anga atsopano akupita padenga la munthu wina, kwathu n'kubwera a ku mashedi atapakidwa utoto. Koma mkamwini sayankha mwinimbumba kuti ayi. Ndinaomba m'manja n'kunena kuti, "Ndamva, bambo." Ine ndinkatanthauza kuti mawu alowa m'khutu. Iwo anamva kuti ndavomera, ndipo anachoka akuimba mluzu.

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse lopuma ndinkakwera njinga kukaona nyumba zimene amisiri osiyanasiyana anamanga. Ndinazindikira msanga kuti kufunsa abambo n'kutaya nthawi, chifukwa mwamuna amene anasankha yekha mmisiri sangavomere kuti anapusitsidwa. Ndinkapempha madzi akumwa n'kumacheza ndi amayi. M'nyumba zomanga amalume Wilisoni aliyense ankandidziwa kuti ndine mkamwini wawo, tsono yankho linali limodzi, "Zili bwino, zikomo." Ndikasuzumira m'kati ndinkapeza kudenga atayala mphasa zobisa malata, ndipo mphasazo zinali ndi mawanga. M'nyumba zomanga a Nampeya, chakuseri kwa Limbe, amayi ankachita kulimbirana pakamwa podandaula. Wina anati, "Bambo ameneyo ngwochedwa, anatigoneka m'khitchini mpaka tinatopa." Wina anati, "Ngwamakani, anagwetsa khoma loti wamanga yekha, akuti lapendekeka." Ndikafunsa kuti nanga mvula ikagwa zimatani, ankandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Imagwa panja."

Ndinawaitana a Nampeya kuti adzaone nyumba. Anazungulira, anakanda khoma ndi chikhadabo, anakwera kukagwedeza mapaso, n'kutsika nkhope ili gwaa.

"Apa malata sindingakhome," anatero. "Zidina izi zatopa. Mphepo ya kuno ikadzabwera idzanyamula denga ndi mutu wa khoma womwe. Tiyambe taphwasula pamwambapa, tiike njerwa zootcha, timange mapaso ndi waya wolowa m'khoma. Ngati mukufuna wofulumira, alipo ambiri."

Ndinati mumtima, ehee, pobera paja ndi apa, akukulitsa ntchito dala. Ndinawafunsa mosapsatira, "Ndidziwa bwanji kuti simukundinamiza?" Sanakwiye, sanalumbirenso pa Mulungu monga ankachitira anzawo. Anati, "Simungadziwe, achimwene. Katundu musunge nokha, muzitulutsa wa tsiku limenelo, ndipo akazi anu azikhala pomwepo aziona." Pa amisiri onse amene ndinakumana nawo, uyu yekha ndiye sanandipemphe kuti ndimukhulupirire.

Madzulo ake ndinauza mayi anu kuti ndasankha a Nampeya. Iwo anati, "Mukawakana amalume, ine ndidzaima pati? Akakuuzani kuti muzipita, ndidzatsata inu kapena amayi?" Iwe Esinati unali kumbuyo kwawo, ukupuma mokoka ngati kamwana ka mphaka. Ndinati, "Kuli bwino andithamangitse mwanayu ali pouma." Mayi anu analira, koma sanandiletse. Ndinkafuna kukawauza amalume kudzera kwa ankhoswe a mbali yanga, mwaulemu wake, koma nkhosweyo anali kutali ku Neno ndipo uthenga unachedwa.

Loweruka lina masana, nditangoweruka, a Nampeya anabwera ndi chingwe kudzayeza makoma. Ali m'kati moyeza, amalume Wilisoni anatulukira pakanjira ndi amuna awiri atanyamula makwerero, kudzasasula udzu. Anaima. Anayang'ana chingwe, anayang'ana a Nampeya, n'kuyang'ana ine. Kuseka konse kuja kunazima.

"Uyu ndani pakhomo pa mwana wanga?"

Ndinayankha nditagwada, "Ndi mmisiri amene ndamupempha, bambo."

"Si iwe unati wamva?"

"Kumva ndinamva, bambo."

Pamenepo anakweza mawu kuti mudzi wonse umve, ndipo anthu anayamba kusonkhana patsinde pa mtengo wa mango. Anati mkamwini wawanyoza pamaso pa mbumba yawo. Anati ndakatenga munthu wobwera, wosadziwika kwawo, kudzamuika pamwamba pa mwini mudzi. Anati ntchito ya kwa amwenye yandikuza mutu. Ulemu wa "inu" unatha, ndinasanduka "iwe". Pomaliza analoza njinga yanga imene inali itatsamira khoma n'kunena kuti, "Njira ya kwanu ukuidziwa. Malata akowo unyamule, ana athu utisiyire." A Nampeya anali atapinda kale chingwe chawo. Edina anakhala pansi atagwira kumutu. Ine ndinayang'ana njingayo n'kuona kuti zonse zatha.

Ndiye chitseko cha apongozi chinatseguka. Anatuluka iwe Esinati uli kumsana kwawo, m'manja atanyamula beseni lalikulu loyera la mkombero wabuluu. Analowa pakati pa anthu n'kuliika pamapazi pa mlongo wawo. Anabwerera, anadza ndi lina. Kenako ndowa, kenako mphika, kenako chitini cha palafini chodula pakamwa. Ine ndinati mumtima: mankhwala aja lero abwera poyera.

"Achimwene," anatero apongozi, "ili ndi la pamene ndimagona. Ili ndi la pa ufa. Ndowayi ndi ya pakhomo, mphikawu ndi wa pa bokosi la zovala. Chitinichi chimayendayenda, chifukwa dzinja lililonse phula lanu limatsegula khomo latsopano. Ine ndine mlongo wanu, ndanyowa mwakachetechete kuti dzina lanu lisanyowe. Koma mdzukulu wangayu ayi."

Ndiye apongozi anandifulatira bwinobwino monga mwa mwambo, anapendeketsa mutu kuyang'ana iwe kumsana, khanda losadziwa n'kulankhula komwe, n'kunena mokweza:

"Esinati, uwauze bambo ako kuti dzinja lonse ndakhala ndikuwaonetsa madziwa pampanda, iwo n'kumangowalumpha ngati chule, njinga ili paphewa. Uwauze kuti dothi ili ndi langa, ndipo sakupita kulikonse. Mmisiri wawoyo atambasule chingwe chake."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kumuletsa. Ine nkhope inandiyaka ndi manyazi, koma m'chifuwa munapepuka moti ndikanatha kulira. Amalume anavala chipewa, anauza anthu awo kuti anyamule makwerero, n'kuchoka osatsanzika.

Musaganize kuti zinathera m'chimwemwe. Amalume Wilisoni sanadyenso chakudya pakhomo pathu mpaka imfa yawo. Ndi mlongo wawo ankangopatsana moni wa pamaliro. Mayi anu zinawapweteka zaka zambiri, chifukwa amalume amenewa ndiwo anawalera bambo awo atamwalira, ndipo munthu sasanduka mdani chifukwa cha denga lokha. Iwe Esinati, pamene unkakwatiwa unafunsa chifukwa chimene unkhoswe wako unaimiridwa ndi munthu wa patali. Chifukwa chake ndi chimenechi.

A Nampeya anachedwa monga amayi aja ananenera. Tinagona m'khitchini mpaka msana unauma. Katundu ndinkatulutsa ndekha m'mawa uliwonse, mayi anu n'kumakhala pamphasa moyang'anitsa, ndipo ndikaweruka ndinkakwera padenga kukagwedeza msomali uliwonse. Sindinapeze kanthu. Mpaka lero pobera pawo sindinapatulukire, ngakhale sindinganene kuti ndinasiya kupafuna. Denga linatha mitambo itayamba kale kusonkhana ku phiri la Soche, ndipo dzinja limenelo chifuwa chako chinaphwa.

1959: denga lachiwiri

Chaka chotsatira, ngakhale kunali chipwirikiti m'dziko ndipo katundu ankavuta kuposa kale, ndinagwadanso kwa a Palibe, ndipo a Nampeya anakasasula denga la apongozi. Lata loyamba atalitsitsa analinyamula moyang'anitsa kudzuwa monga mwa chizolowezi chawo. Kuwala kunadutsa ngati m'sefa ya ufa. Anangoliika pambali n'kukwera kukatenga lina.

Mvula yoyamba inagwa Loweruka, yamphamvu. M'mawa mwake ndili pakhonde kupukuta nsapato za kutchalitchi, ndinaona apongozi akubwera kumpanda ndi beseni lija loyera la mkombero wabuluu. Mwa chizolowezi ndinadikira kuti akhuthule madzi. Koma sanakhuthule kanthu. Analidutsitsa pampata wa bango, louma, n'kuliika mbali ya kwathu. Iwe unali ukuyenda dededede pabwalo. Anafulatira n'kukuitana.

"Esinati, kawauze bambo ako kuti mankhwala atha. Beseni ili azisambitsiramo ana."

Ndiye kuti ankadziwa zonse zimene ndinkawaganizira, ndipo sanandisungire. Beseni limenelo ndi lija nonsenu munasambiramo, lomwe lili pamwamba pa kabati mpaka lero, ndipo ndikadzapita musadzalitaye. Ndinaomba m'manja kuthokoza msana wawo, n'kulitola ndi manja awiri. Kenako, ndisanadziwe n'komwe chimene ndikuchita, ndinalitembenuza n'kulinyamula moyang'anitsa kudzuwa kuti ndione ngati linali lobooka.

Kuseri kwa bango apongozi anaseka mpaka kukhala pansi. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwawo.